Valavu Yatsopano Inalowa Bwino, Nanga Phuma la Amayi Labwereranji?

Makalata atatu a mwezi uno akukhudza nkhani imodzi, ya kashiamu (mchere umene umalimbitsa mafupa) amene amaunjikana pa valavu ya mumtima yotchedwa mitral mwa anthu amene asinthidwa kapena akuyembekezera kusinthidwa valavu ina ya mumtima, ya aorta. Mavalavu ndi makomo odutsa magazi mumtima. Kalata yoyamba ndayiyankha motalikirapo chifukwa mayankho a awiri enawo akutsamira pa zimene ndafotokoza mmenemo.

FUNSO: A Dokotala, amayi anga ali ndi zaka 76. Miyezi isanu ndi iwiri yapitayo anawaika valavu yatsopano ya aorta, imene anailowetsa kudzera mumtsempha wa m'mphechepeche osang'amba chifuwa. Masabata oyambirira tinasangalala kwambiri, chifukwa chizungulire chinatha ndipo kupweteka kwa pachifuwa kunaleka. Koma tsopano akangoyenda mofulumira pang'ono kapena kukwera masitepe amachita phuma, ndipo usiku sagona popanda mapilo atatu. Atawaunikanso ndi makina ojambula mtima otchedwa echo anatiuza kuti valavu yatsopanoyo ikugwira ntchito bwino, koma valavu ina yotchedwa mitral ili ndi kashiamu wambiri, ndiponso kuti nambala ina imene inali 5 opaleshoni isanachitike tsopano ili 8. Kodi opaleshoni ija ndiyo inawononga valavu inayo? Nanga analekeranji kusintha zonse ziwiri nthawi imodzi? Ndine mwana wawo wamkazi.

YANKHO: Mayi, zikomo chifukwa cholemba mwatsatanetsatane chonchi. Pa zimene mwafotokozazi sindikuona chizindikiro chakuti opaleshoni inawononga valavu ya mitral. Kashiamu amene wapezekayo amatenga zaka zambiri kuti aunjikane, kotero analipo kale amayi anu asanagonekedwe m'chipatala. Chimene opaleshoni inasintha ndi kuchuluka kwa magazi amene akudutsa pa valavuyo, ndipo m'pamene pagona tanthauzo la manambala awiri aja. Ngakhale zili choncho, nkhani ya mapilo atatu musaione mopepuka, chifukwa munthu amene sangapume bwino atagona chagada kawirikawiri amakhala kuti madzi ayamba kudzadza m'mapapo, ndipo woteroyo ayenera kuonedwanso posachedwa, osadikira tsiku lakutali limene linalembedwa m'buku lake.

Mbali ya kumanzere ya mtima ili ndi zipinda ziwiri. Cham'mwamba chimalandira magazi ochokera m'mapapo, ndipo cham'munsi, chomwe chili ndi minofu yokhuthala, ndicho chimawapopa kupita m'thupi lonse kudzera mumtsempha waukulu wa aorta. Valavu ya mitral ndi khomo lolowera m'chipinda cham'munsicho, pamene valavu ya aorta ndi khomo lotulukira. Dontho lililonse la magazi limene latuluka pa khomo lachiwiri liyenera kuti linayamba lalowa pa khomo loyamba, ndipo mwa munthu wamkulu amene wangokhala phee magazi ake ndi okwana pafupifupi malita 5 pa mphindi iliyonse. Makomo awiriwa ndi oyandikana kwambiri, moti amagawana khoma limodzi lopyapyala. Khomo la mitral lili ndi tizitseko tiwiri tofewa, tomwe tinamera pa mphete yozungulira imene tingaifanizire ndi felemu ya chitseko. Felemu imeneyi mwa munthu wathanzi si youma ayi: imafinyika pang'ono mtima ukamapopa kuti tizitseko tikumane bwino, kenaka n'kutambasuka mtima ukamadzadza. Khomoli likatseguka lonse limakhala la masikweya sentimita 4 mpaka 6, pamene la aorta limakhala la 3 mpaka 4.

Kashiamu amayambira pa felemuyo, makamaka mbali yake ya kumbuyo, ndipo akachuluka amapanga chinthu cholimba ngati mwala, chopindika ngati mwezi watsopano, chomwe chimaoneka choyera mbee pa zithunzi za sikani ya CT, yojambula m'kati mwa thupi. Pakapita nthawi amakwera m'tsinde mwa tizitseko tija, n'kutiumitsa kuyambira pansi, nsonga zake zokha n'kumatsala zikuyenda. Vutoli limakonda anthu okalamba, amayi kuposa abambo, komanso amene ali ndi matenda a impso, a shuga kapena othamanga magazi. Si zodabwitsa kulipeza mwa munthu amene valavu yake ya aorta inapanikizika, popeza matenda oumitsa mavalavu onse awiri ndi amodzi, komanso chipinda chimene chakhala zaka chikukankha magazi pa khomo lopapatiza chimakhala ndi mphamvu yochuluka mkati mwake, yomwe imapweteka felemu ya mitral pa kugunda kulikonse. Pakati pa okalamba amene amaikidwa valavu ya aorta m'njira imene anaikira amayi anuyi, yotchedwa TAVI, pafupifupi theka amapezeka ndi kashiamu pa felemu ya mitral akajambulidwa ndi CT, ngakhale kuti amene ali naye wochuluka zedi ndi ochepa.

Nambala imene anakuuzaniyo, ndikukhulupirira, ndi imene madokotala amaitchula kuti gradient. Imayezedwa mu mmHg, muyezo womwewo umene timayezera BP, ndipo imasonyeza mphamvu yowonjezera imene chipinda cham'mwamba chiyenera kukhala nayo kuti chikankhire magazi kuseri kwa khomo la mitral. Anthu ambiri amaganiza kuti nambalayi imayeza kukula kwa khomo, koma imadalira zinthu ziwiri: kukula kwa khomolo ndi kuchuluka kwa magazi ofuna kudutsapo pa sekondi iliyonse. Mu 1951 dokotala wa mtima Richard Gorlin pamodzi ndi bambo ake, omwe anali injiniya, anasindikiza masamu olumikiza zinthu zimenezi, ndipo akugwirabe ntchito mpaka lero. Mfundo yake ndi yakuti khomo likakhala losasintha, gradient sikwera mofanana ndi kuchuluka kwa magazi, koma imakwera mothamanga kuposa pamenepo, moti magazi akachuluka kawiri iyo imakwera kanayi.

Tiyeni titenge manambala a amayi anu. Valavu yakale ya aorta itapanikizika, mtima unkatulutsa magazi movutikira, ndipo potulutsa ochepa unkalandiranso ochepa. Khomo louma la mitral linkakwanitsa kudutsitsa magazi ochepawo ndi gradient ya 5 yokha, choncho kuuma kwake sikunkaonekera kwenikweni. Valavu yatsopano itatsegula njira yotulukira, mtima unayamba kupopa momasuka. Tiyerekeze kuti magazi odutsa pa sekondi anawonjezeka ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mukachulukitsa 1.25 ndi 1.25 mupeza 1.56, ndipo 5 kuchulukitsa ndi 1.56 ndi 7.8, yomwe pa lipoti angailembe kuti 8. Mwaona kuti nambala ikhoza kuchoka pa 5 kufika pa 8 khomo la mitral lisanachepe ngakhale ndi milimita imodzi. Zili ngati ngalande yokhala ndi zipata ziwiri zopapatiza: mukakulitsa cha kumunsi madzi amayamba kuthamanga, ndipo pamenepo m'pamene mumazindikira kuti cha kumtunda nachonso n'chaching'ono, chifukwa kuseri kwake madzi amayamba kudikha. Mumtima, kuseri kwa khomo la mitral kuli chipinda cham'mwamba, ndipo kuseri kwa chipindacho kuli mapapo. Mphamvu ya magazi ikakwera kumeneko madzi amalowerera m'mapapo, munthu n'kuyamba phuma.

Pali mbali ina imene imandipatsa chiyembekezo pa odwala ambiri. Magazi akamayenda ochepa komanso mofooka, tizitseko touma tija sitikankhika mokwanira, ndiye khomo limaoneka laling'ono kuposa mmene lilili. Mwa odwala ena valavu ya aorta ikasinthidwa, magazi amphamvuwo amatsegula tizitsekoto kwambiri, ndipo khomo limene linkaoneka ngati lapanikizika zedi limapezeka kuti lakulako. N'chifukwa chake gradient payokha sikwanira. Mufunse kuti kukula kwa khomo la mitral anakupeza kotani opaleshoni isanachitike komanso tsopano. Madokotala amati khomo lapanikizika kwambiri likafika masikweya sentimita 1.5 kapena kucheperapo, ndipo gradient yoposa 10 pamene mtima ukugunda mwachizolowezi imawadetsa nkhawa. Nambala ya 8 ili pakatikati, ndipo tanthauzo lake limasiyana kutali malinga ndi liwiro limene mtima unkagunda pa tsiku lounikalo.

Nkhani ya liwiroli ndikufuna muimvetse bwino, chifukwa ndiyo imene chithandizo chimagwirapo msanga. Magazi amadutsa pa khomo la mitral pokhapokha mtima ukamasuka pakati pa kugunda kumodzi ndi kunzake. Mtima ukamagunda ka 60 pa mphindi, kugunda kulikonse kumatenga sekondi imodzi, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu a sekondiyo ndi nthawi yodzadza. Ukafika ka 120, kugunda konse kumatenga theka la sekondi, ndipo nthawi yodzadza imatsala pafupifupi kota ya sekondi. Magazi amayenera kudzipanikiza pa khomo lomwelo m'kanthawi kochepa chonchi, ndiye gradient imalumpha. Ichi n'chifukwa chake amayi anu amakhala bwino atakhala pansi koma amavutika pa masitepe. Gradient ya 8 mtima ukugunda ka 95 si yoopsa ngati ya 8 mtima ukugunda ka 60. Chilichonse chothamangitsa mtima, monga kuchepa kwa magazi m'thupi, kutentha thupi kapena matenda a chithokomiro, chikhoza kusandutsa vuto laling'ono kukhala lalikulu m'masiku ochepa. Choopsa kuposa zonsezi ndi kugunda kosalongosoka kotchedwa atrial fibrillation, kumene kumakonda kuyamba chipinda cham'mwamba chikatambasuka chifukwa cha kudikha kwa magazi. Kukayamba, mtima umathamanga mosatsata ndondomeko, chipindacho chimaleka kufinyika komwe kumathandiza kukankhira magazi omaliza pa khomo, ndipo magazi ongokhala mmenemo akhoza kuundana n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Wokalamba amene phuma lamubwerera mwadzidzidzi pambuyo pa opaleshoni ya valavu, ine chinthu choyamba chimene ndimafuna kuona ndi pepala la ECG, losonyeza mmene magetsi a mtima akuyendera ndi mmene ukugundira.

Felemu youma imabweretsanso vuto lachiwiri, la kudontha. Popeza siifinyika, tizitseko sitikumana bwino, ndipo mtima ukamapopa magazi ena amabwerera m'mwamba. Mwa anthu amene valavu yawo ya mitral ndi yofewa, kudontha kotere kumachepa kawirikawiri valavu ya aorta ikasinthidwa, chifukwa magazi apeza njira yosavuta yotulukira kutsogolo. Koma pamene pali kashiamu wambiri kudonthako sikuchepa kwenikweni, popeza chochititsa chake chikadalipo. Magazi obwerera m'mwambawo amayeneranso kudutsa pa khomo lomwelo kachiwiri, ndiye nawonso amakweza gradient. Onjezerani apo kuti minofu ya chipinda cham'munsi, imene inakhuthala pa zaka zonse zolimbana ndi valavu yakale, ndi yolimba ndipo siimasuka msanga kuti ilandire magazi. Kukhuthalako kumachepa pang'onopang'ono, pa miyezi yambiri mpaka chaka kapena kuposerapo, ndipo mwa ena sikutheratu. Choncho phuma la amayi anu likhoza kukhala ndi magwero angapo nthawi imodzi, ndipo si chilungamo kuimba mlandu wonse valavu ya mitral zinazi zisanafufuzidwe. N'zoona kuti nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, valavu ya TAVI ikakhala motsika kwambiri imakhudza kachitseko ka kutsogolo ka mitral chifukwa cha kuyandikana kuja, koma zimenezi zimaoneka pa echo, ndipo muli ndi ufulu wofunsa ngati anayang'anapo.

Funso lanu lakuti analekeranji kusintha zonse ziwiri ndi lomveka, ndipo mabanja ambiri amalifunsa. Valavu yochita kupanga imasokereredwa pa felemu, ndipo felemu ikasanduka mwala singano silowa. Dokotala wa opaleshoni amayenera kusankha pakati pa kugoba kashiamuyo ndi kusoka momulambalala. Kugoba n'koopsa chifukwa kashiamu amazika mizu pamalo pamene chipinda cham'mwamba chimalumikizana ndi cham'munsi, pomwe khoma likang'ambika magazi amakhala ovuta kuwaletsa, komanso pafupi pomwepo pamadutsa mtsempha wina wodyetsa mtima wotchedwa circumflex. Kusoka molambalala nako kumasiya mipata m'mbali mwa valavu yatsopano, momwe magazi amadontheramo. Kwa munthu wa zaka 76, opaleshoni yong'amba chifuwa ya mavalavu awiri pa felemu yotere ndi yoika moyo pachiswe kuposa kwambiri TAVI. Njira ya TAVI, imene Alain Cribier anaichita koyamba pa munthu mu 2002 ku Rouen m'dziko la France, inayambira kwenikweni pa anthu amene opaleshoni yaikulu ikanawapweteka. Madokotala ayesanso kulowetsa valavu yofanana nayo mkati mwa felemu youma ya mitral, koma ntchitoyi ndi yovuta, chifukwa valavuyo ikhoza kukankhira kachitseko ka kutsogolo m'njira yotulukira magazi n'kuitseka, ndiye imachitika m'zipatala zochepa komanso kwa odwala osankhidwa mosamala amene njira zina zawakanika. Ine ndikuona kuti amene anathandiza amayi anu anachita mwanzeru poyamba ndi valavu imene inkawopseza moyo wawo, n'kusiya inayo kuti aione bwino magazi atayamba kuyenda mwachizolowezi.

Mukabwerera kuchipatala mutenge malipoti onse awiri a echo, lakale ndi latsopano, ndipo mupemphe kuti akuuzeni zinthu izi pa lililonse: liwiro la mtima pa nthawi younika, kukula kwa khomo la mitral, kuchuluka kwa kudontha, ndi mphamvu ya magazi m'mitsempha ya m'mapapo. Apime ECG, ayeze kuchuluka kwa magazi m'thupi, impso ndi chithokomiro. Kuchepa kwa magazi musakuiwale, popeza mankhwala oletsa kuundana kwa magazi amene amaperekedwa pambuyo pa TAVI nthawi zina amachititsa kuti munthu azitaya magazi pang'onopang'ono m'matumbo osazindikira. Ngati zopezeka atagona pabedi sizikugwirizana ndi mmene akumvera, pali echo ina imene amaunika munthu akupalasa kanjinga kapena atangomaliza kuyenda pa makina, ndipo imeneyo ndiyo imaonetsa zimene zimachitika pa masitepe paja. Chithandizo choyamba chimakhala mankhwala ochotsa madzi m'thupi monga furosemide, ndi ochepetsa liwiro la mtima monga bisoprolol, kuti nthawi yodzadza italike. Mankhwala achiwiriwa ayenera kuperekedwa ndi dokotala amene waona ECG, chifukwa kashiamu ndi valavu yatsopano zonse zikhoza kufooketsa njira ya magetsi a mtima, ndipo kuuchepetsa liwiro mopitirira kungagwetse munthu. Kunyumba achepetse mchere, ndipo aziyeza sikelo m'mawa uliwonse; akakwera ndi makilogalamu awiri m'masiku awiri kapena atatu, amenewo ndi madzi, ndipo muuze achipatala. Akakomoka, akamalephera kupuma atangokhala, kapena pakamwa pakapindika ndi mkono kufooka, muthamange nawo nthawi yomweyo.

FUNSO: Ndine bambo wa zaka 69, ndipo ndili ndi shuga komanso impso zanga zinayamba kufooka. Ndikuyembekezera kusinthidwa valavu ya aorta, koma pa sikani anapeza kashiamu pa valavu ya mitral. Kodi ndikasiya zakudya zokhala ndi kashiamu, ameneyu angasungunuke tsiku la opaleshoni lisanafike? Nanga kashiamuyu angasokoneze opaleshoni yanga?

YANKHO: Bambo, musadzimane chakudya pa chifukwa chimenechi. Kashiamu wa pa valavu sabwera chifukwa chakuti munthu wadya wambiri, koma chifukwa chakuti minyewa ya valavuyo inavulala kwa zaka zambiri, ndipo maselo ake ena anasintha n'kuyamba kuchita zinthu ngati maselo opanga mafupa. Mukasiya zakudyazo mafupa anu ndi amene angavutike, pamene valavu ikhalabe mmene ilili. Palibe mankhwala amene atsimikizika kuti amasungunula kashiamu ameneyu. Mankhwala otsitsa mafuta m'magazi a gulu la statin anayesedwa pa valavu ya aorta m'kafukufuku wamkulu wotchedwa SEAS, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2008, ndipo sanachedwetse kuuma kwa valavu, ngakhale kuti amathandiza pa mitsempha. Kwa inu chofunika kwambiri ndi impso, chifukwa impso zofooka zimalephera kutaya mchere wina wotchedwa fosifeti, ndipo fosifeti wochuluka m'magazi amafulumizitsa kuuma kwa mavalavu ndi mitsempha. Dokotala wa impso ndiye ayenera kukuuzani ngati mukufunika mankhwala ake, ndipo mumuonetse mapiritsi aliwonse a kashiamu kapena vitamini D amene mumamwa kuti aone ngati ndi oyenera.

Pa funso lachiwiri, zimadalira kuchuluka kwa kashiamuyo ndi malo ake. Wochepa amene wakhala kumbuyo kwa felemu sasintha kanthu kwenikweni. Amene amadetsa nkhawa ndi wofalikira kutsogolo, pa khoma logawana ndi valavu ya aorta komanso m'njira yotulukira magazi, chifukwa amalepheretsa valavu yatsopano kukhala mothina bwino, n'kusiya mpata wodontha m'mbali, ndipo pa TAVI akhoza kuboola khoma valavu ikamatambasulidwa mwamphamvu. Chachiwiri ndi chakuti chingwe chotumiza uthenga wa magetsi kuchokera m'mwamba kupita m'munsi mwa mtima chimadutsa pafupi pomwepo, ndiye anthu amene ali ndi kashiamu wambiri amafunika kuikidwa pacemaker, kamakina kothandiza mtima kugunda bwino, pambuyo pa opaleshoni kawirikawiri kuposa anzawo. Ndi bwino kuti mufunsiretu za zimenezi kuti zisadzakudzidzimutseni.

Pali chinthu chinanso chimene madokotala anu ayenera kuchisamala asanasankhe njira. Khomo la mitral likapanikizika kwambiri limachepetsa magazi ofika pa valavu ya aorta, ndipo gradient ya aorta imaoneka yotsika kuposa 40 imene amayembekezera pa valavu yopanikizika zedi, ngakhale khomo lake litachepa mpaka sikweya sentimita imodzi. Vuto lililonse limabisa linzake. Sikani ya CT imene munajambulidwayo imathandiza pamenepa, chifukwa imayeza kashiamu wa pa valavu ya aorta mosadalira kuyenda kwa magazi. Mupemphenso kuti akakuunikeni ndi echo patapita masabata angapo opaleshoni itachitika, kuti pakhale manambala atsopano a mitral oyambirapo kuyerekezera m'tsogolo. Ndipo mukaonetse mano anu opaleshoni isanafike, popeza tizilombo tochokera m'nkhama zodwala tikhoza kulowa m'magazi n'kukamera pa valavu yatsopano kapena pa kashiamuyo.

FUNSO: Mchemwali wanga valavu yake ya mitral inapanikizika ali ndi zaka 31, ndipo anamuthandiza poikulitsa ndi baluni osang'amba chifuwa, mpaka lero ali bwino. Tsopano bambo athu, amene anasinthidwa valavu ya aorta chaka chatha, awauza kuti mitral yawo nayo yapanikizika koma baluni singathandize. Kodi akungowakaniza chifukwa cha ukalamba?

YANKHO: Ayi, mayi, sakuwakaniza chifukwa cha zaka zawo. Matenda a mchemwali wanu ndi a bambo anu amatchedwa dzina limodzi, koma anayamba mosiyana ndipo valavu imawonongeka mosiyana. Mwa wachinyamata kupanikizika kwa mitral kumachokera pafupifupi nthawi zonse ku matenda a rheumatic fever, amene amatsatira zilonda za kukhosi zoyambitsidwa ndi mabakiteriya a streptococcus paubwana. M'matenda amenewa tizitseko tiwiri tija timamatirirana m'mbali momwe timakumana, ndipo khomo limachepa kunsonga, tizitsekoto tikadali tofewa. Baluni, monga imene dokotala wa ku Japan Kanji Inoue anaiyambitsa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, ikafufuma mkati mwa khomo imang'amba momatiriramo, khomo n'kutseguka. Mwa bambo anu mulibe momatirira moti mung'ambidwe. Chopanikiza ndi mwala umene uli pa felemu ndi m'tsinde mwa tizitseko, ndipo baluni singausunthe. Ikakakamizidwa ikhoza kung'amba kachitseko n'kuyambitsa kudontha koopsa, kapena kubenthula tizidutswa ta kashiamu timene tingapite ku ubongo n'kuyambitsa sitiroko.

Kusiyanaku kumafikanso pa mankhwala. Munthu amene mitral yake inapanikizika ndi rheumatic fever akakhala ndi atrial fibrillation amapatsidwa warfarin, mankhwala oletsa kuundana kwa magazi, ndipo kafukufuku wa INVICTUS wa mu 2022 anasonyeza kuti pa odwala oterewa warfarin anapambana mankhwala ena a ntchito yomweyo otchedwa rivaroxaban. Pa bambo anu kusankha kumadalira mtundu wa valavu ya aorta imene anaikidwa. Ngati ndi yachitsulo ayenera kumwa warfarin moyo wawo wonse ndi kumayezetsa INR, muyezo wosonyeza kutalika kwa nthawi imene magazi akutenga kuti aundane, koma ngati ndi yopangidwa kuchokera ku minyewa ya ng'ombe kapena nkhumba, monga mmene zimakhalira kwa okalamba ambiri, dokotala ali ndi mpata wosankha malinga ndi kugunda kwa mtima wawo, impso zawo ndi kukula kwa kupanikizikako. Musawapatse mapiritsi a mchemwali wanu poganiza kuti matenda ndi amodzi. Kupanikizika kwa kashiamu kumakula pang'onopang'ono mwa anthu ambiri, choncho ngati bambo anu akupuma bwino ndi mankhwala, chimene akufunika tsopano ndi echo ya chaka ndi chaka, kapena msanga kuposa pamenepo phuma likayamba kuwadzutsa usiku.